Ayyankali: Bambo Wosadziŵa Kuŵerenga Amene Adatsegulira Ana Khomo la Sukulu

M'magazini ino ya chikondwerero chathu tikukumbukira anthu amene adatsogola, natisiyira njira yolambulidwa. Tsono pa masamba aŵa tafuna kuti tioloke nanu nyanja, amayi anzathu ndi onse a m'banja mwanu, tikafike ku India kuti tikamve mbiri ya Bambo Ayyankali. Iwoŵa sadali mfumu, sadali m'busa, ndiponso sadapiteko ku sukulu. Dzina lawo lomwe sankatha kuliŵerenga. Komabe mphamvu zawo zonse adazithera pa nkhani imodzi imene mayi aliyense amaidziŵa mumtima mwake, ndiyo yakuti mwana wa munthu wosauka, wamwamuna kapena wamkazi, aloledwe kuloŵa m'kalasi ndi kukhala pa benchi monga anzake.

Dziko la Amalayali

Kummwera cha kumadzulo kwa India kuli dziko lalitali koma lopapatiza, lokhala pakati pa mapiri a Western Ghats ndi nyanja yaikulu ya mchere. Lero dzikoli limatchedwa Kerala. Anthu ake amalankhula chinenero cha Malayalam, ndipo iwo eni amatchedwa Amalayali. Mvula yaikulu imayamba mu June, ndipo kumeneko kumalimidwa mpunga, kokonati ndi tsabola wakuda amene amalonda a maiko akutali akhala akumutsata kuyambira kalekale. Ahindu, Asilamu ndi Akhristu akhala m'midzi yoyandikana kwa zaka mazana ambiri.

Pa nthaŵi ya Bambo Ayyankali dzikoli lidali m'zigawo zitatu. Malabar ankalamulidwa ndi Angerezi eni ake. Cochin ndi Travancore adali ndi mafumu awoawo, koma mafumuwo adali pansi pa Angerezi. Zigawozi zidaphatikizidwa mu 1956, ndipo mpamene padabadwa boma la Kerala. Mbiri yathuyi idachitikira ku Travancore, kummwera kwenikweni, kumene likulu lake lidali mzinda wa Trivandrum, umene tsopano umalembedwa kuti Thiruvananthapuram.

Moyo wa a Pulaya

Anthu a ku Travancore adali ogaŵidwa m'magulu a chibadwidwe. Munthu ankabadwira m'gulu lake, kukwatira momwemo, kufera momwemo, ndipo padalibe khama kapena nzeru imene ikadamtulutsamo. Pamwamba padali a Namboothiri, amene adali ansembe ndi eni nthaka. Otsatira adali a Nair, amene ambiri adali asilikali, akapitao ndi eni minda. Kutsika m'munsi kudali a Ezhava ndi a Nadar. Pansi penipeni padali a Pulaya ndi a Paraya.

A Pulaya ndiwo ankalima mpunga umene dziko linkadya. Amuna ndi akazi ankakhala chiŵeramire m'matope tsiku lonse, kuokera, kupalira ndi kukolola, ndipo malipiro awo adali kamuyeso ka mpunga wa makoko. Kwa mibadwo yambiri iwo adali akapolo. Mwini munda ankatha kuŵagulitsa pamodzi ndi mundawo kapena kuŵabwereketsa kwa mnzake. Mu 1847 amishoni adalembera mfumu kalata yodandaula za ukapolowu, ndipo mu 1855 boma la Travancore lidauthetsa. Koma munthu wopanda munda wakewake angapite kuti? Ambiri adangokhalabe pa nthaka ya mbuye yemwe uja, nagwira ntchito yomwe ija.

Chinthu choŵaŵa koposa chidali chikhulupiriro chakuti anthu aŵa ngodetsa. Sikumkhudza kokha munthu wapamwamba kumene kunkati kumamdetsa, komanso kumyandikira. Padali chiŵerengero cha mapazi amene m'Pulaya ankayenera kutalikirana ndi munthu wa gulu lirilonse. Poyenda ankayenera kufuula kuti ena adziŵe kuti akubwera, ndipo akaona wamkulu patsogolo ankapatukira m'thengo kapena m'matope. Mseu waukulu, msika, chitsime cha onse, bwalo la milandu ndi kachisi zidali zotsekedwa kwa iye. Nsapato, ambulera ndi nsalu yoyera sizinkaloledwa. Polankhula ndi mbuye wake sankadzitchula monga munthu, koma ndi liu lotanthauza kapolo. Akazi sankaloledwa kufunda pachifuwa. Chimene ankavala m'khosi idali mikanda yolemera ya miyala ndi magalasi, chizindikiro chakuti aliyense adziŵire patali gulu lawo.

Kubadwa ndi kukula kwake

M'dziko lotere ndimo mudabadwa mwana wamwamuna pa 28 August, 1863, m'mudzi wa Venganoor, kufupi ndi nyanja, kummwera kwa Trivandrum. Atate ake adali a Ayyan, amayi ake a Mala. Mwanayo adamutcha Kali, ndipo dzina lakuti Ayyankali lidadza pophatikiza dzina la atate ndi lake. Iye adali woyamba kubadwa m'banja la ana ambiri.

Banjali lidali ndi mwayi umene a Pulaya ambiri adalibe. A Ayyan adagwira ntchito yoswa mphanje kwa mbuye wawo, ndipo mbuyeyo adaŵapatsa kamunda kuti kakhale kawokawo. Motero Kali adakula m'nyumba imene inkadya za m'munda mwake. Kamunda kameneka kadamphunzitsa chinthu chimene sadachiiŵale, kuti munthu amene ali ndi poponda pakepake amatha kuŵeramuka.

Anthu amasimba kuti tsiku lina, akuseŵera ndi anzake, mpira udakagwera pa nyumba ya munthu wa gulu la Nair. Mwini nyumbayo adakalipa kwambiri, ndipo atate a mwanayo adamchenjeza kuti asadzaseŵerenso ndi ana a anthu apamwamba. Kuyambira pamenepo mnyamatayo adasonkhanitsa anzake a gulu lake. Ankaimba nyimbo, kuchita maseŵero osonyeza mavuto awo, ndi kuphunzira kudziteteza pomenyana. Kali adakula wamtali ndi wamphamvu, ndipo anzake adayamba kumuona ngati mtsogoleri. Mu 1888 adakwatira a Chellamma, ndipo m'banjamo mudabadwa ana asanu ndi aŵiri.

Ngolo ya ng'ombe zoyera

Pa nthaŵiyo boma lidali litalengeza kale kuti miseu yake nja anthu onse. Koma lamulo lidali pa pepala, ndipo m'Pulaya woyesa kulitsata ankamenyedwa popanda womuimira. Bambo Ayyankali adaona kuti lamulo limene palibe wolimba mtima kuliyendera ndi lakufa.

Mu 1893 adagula ngolo ya mtundu wotchedwa villuvandi. Iyi idali ngolo yofoleredwa bwino imene ankakwera anthu olemekezeka okha. Adagulanso ng'ombe ziŵiri zoyera naziveka mabelu m'khosi. Eni ake adavala nsalu yoyera, malaya, nsalu ina pa phewa ndi nduwira kumutu, zovala zimene munthu wa gulu lawo sankayenera kuzikhudza. Atatero adakwera ngoloyo naiyendetsa pakati pa mseu waukulu, dzuŵa likuswa mtengo.

Tiganizire mmene mabelu aja adamvekera m'makutu mwa anthu. Kale m'Pulaya ankafuula pa njira kuti ena amthaŵe. Tsopano mabelu ankalengeza kuti m'Pulaya akudutsa ndipo sapatuka. Anthu apamwamba adatchinga njira naŵalamula kuti atsike ndi kuvula zovalazo. Bambo Ayyankali adasolola mpeni umene adaubisa m'chuuno, ndipo otchinga aja adabwerera m'mbuyo. Ngoloyo idapitirira ulendo wake.

Sitibisa kuti njira ya bamboŵa siidali yofatsa nthaŵi zonse. Adali ndi gulu la anyamata okonzeka kubwezera akamenyedwa, ndipo mwazi udakhetsedwa kangapo. Mu 1898 adatsogolera anthu awo pa ulendo wa pansi wopita ku msika, ndipo atafika pa mseu wa Chaliyar ku Balaramapuram padabuka nkhondo yoopsa. Mbiri ya nkhondoyo idafalikira, ndipo m'midzi ina a Pulaya adayambanso kuyenda m'miseu. Pofika kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, miseu yambiri ya m'deralo idali itatseguka kwa iwo, kupatula yozungulira akachisi.

Njala ya sukulu

Mseu utatseguka, Bambo Ayyankali adafunsa kuti mseuwo ukupita kuti. Munthu wosadziŵa kuŵerenga amadinda chala pa pepala limene likumlanda munda. Sangalembe dandaulo, sangapeze ntchito ya boma, ndipo pa mlandu amangomvera zimene ena anena. Iwo eni ankalidziŵa bwino khungu limeneli chifukwa lidali lawo lomwe.

Sukulu zolandira ana a anthu onyozeka zidalipo, ndizo za amishoni. Kummwera kwa Travancore kudali a London Missionary Society, bungwe lomwe lija lidatumiza David Livingstone ku Africa, ndipo kumpoto kudali a Church Missionary Society. A Pulaya ambiri adaloŵa Chikhristu nayamba kuphunzira. Koma pano tiyenera kunena zoona ngakhale zitichititse manyazi. M'malo ambiri Akhristu akale a m'dzikomo, amene ankaŵerengedwa ngati apamwamba, sadafune kukhala pa mpando umodzi ndi abale awo atsopanoŵa, kotero kuti a Pulaya ankamangiridwa matchalitchi awoawo. Tsankho lija lidaloŵa nawo m'nyumba yopemphereramo.

Bambo Ayyankali adakhalabe m'chipembedzo cha makolo awo. Maganizo awo adali akuti sukulu za boma nza anthu onse a mfumu, ndipo mwana asachite kusiya chipembedzo cha kwawo kuti aphunzire. Mu 1904 adamanga sukulu yaudzu ku Venganoor. Kupeza mphunzitsi kudali kovuta, pakuti mwa a Pulaya a kumeneko mudalibe wophunzira, ndipo ophunzira a magulu ena ankaopa. Mphunzitsi atapezeka, ankachita kumperekeza anyamata kuti asamenyedwe. Adani adaitentha sukuluyo, koma anthu adaimanganso.

Mu 1907 adayambitsa bungwe lotchedwa Sadhu Jana Paripalana Sangham, kutanthauza bungwe losamalira anthu osauka. Adatengerako nzeru kwa Sree Narayana Guru, mphunzitsi wa a Ezhava, amene otsatira ake adali atakhazikitsa bungwe lawo mu 1903. Bungwe la Bambo Ayyankali lidalandira onyozeka a magulu osiyanasiyana, Ahindu ndi Akhristu omwe. Linkakumana Lamulungu, ndipo limodzi mwa mapempho ake lidali lakuti antchito a m'minda azipuma tsiku limodzi pa sabata. Amuna ndi akazi omwe ankasonkha kandalama kochepa. Pa misonkhano ankakambirana za ukhondo, za kuipa kwa uchidakwa, za kuŵeruza okha timilandu ta m'mudzi, ndipo koposa zonse za kutumiza ana ku sukulu. Nthambi zake zidafalikira m'madera ambiri a Travancore.

Panchami ndi benchi yopserera

Mu 1907 boma lidalamula kuti ana a magulu onyozeka alandiridwe m'sukulu zake, koma akuluakulu a m'maofesi adangolikhalira lamulolo. Mu 1910, pamene nduna yaikulu ya mfumu idali P. Rajagopalachari, lamulolo lidatulutsidwanso. Aphunzitsi aakulu ambiri adapitirizabe kubweza ana pakhomo, chifukwa makolo apamwamba ankaopseza kuti achotsa ana awo.

Monga adachitira ndi mseu, Bambo Ayyankali adaganiza zoliyendera lamulolo ndi mapazi. Adatenga kamtsikana ka gulu la Pulaya, dzina lake Panchami, napita nako ku sukulu ya boma ya ku Ooruttambalam. Tiyeni tiime pang'ono pamenepa, amayi. Mwana amene adamsankha kuti akatsegule khomo adali wamkazi, pa nthaŵi imene ngakhale m'mabanja olemera maphunziro a atsikana sankaŵerengedwa kwenikweni. Tiganizirenso mtima wa makolo amene adalola mwana wawo kupita kumalo kumene ankadziŵa kuti kuli ndodo.

Mphunzitsi wamkulu adakana kumlandira. Bambo Ayyankali adaumirira, ndipo mwanayo adakhazikidwa pa benchi. Anthu apamwamba adasonkhana, padabuka ndeu, ndipo pambuyo pake sukuluyo idatenthedwa. Anthuwo adaona kuti nkwabwino ana awo omwe asoŵe pophunzirira kusiyana ndi kuti akhale pamodzi ndi Panchami. Chipoloŵecho chidafalikira m'midzi yozungulira. Nyumba za a Pulaya zidatenthedwa, ndipo mabanja ambiri adathaŵira m'thengo.

Pa nkhani yomweyi ya sukulu Bambo Ayyankali adagwiritsa ntchito chida chimene eni minda sadachiyembekezere. Adauza anthu awo kuti ngati ana awo saloledwa kuphunzira, minda ya mpunga imere udzu. A Pulaya adanyanyala ntchito. Uku kumaŵerengedwa kuti ndiko kudali kunyanyala koyamba kwa antchito a m'minda m'dziko lonselo, ndipo chimene ankafuna poyamba sichidali malipiro koma sukulu.

Idali nkhondo ya njala. Eni minda adali ndi nkhokwe, pamene onyanyala adalibe kanthu, ndipo eni minda ankayembekeza kuti mimba ikalira anthuwo abwerera okha. Amayi ankakumba mizu ndi kufuna ndiwo za m'thengo kuti ana agone atalaŵako kanthu. Tsono Bambo Ayyankali adapangana ndi asodzi a m'mbali mwa nyanja kuti azitenga ena mwa onyanyalawo m'mabwato mwawo ndi kuŵagaŵira nsomba. Mutu umodzi susenza denga, ndipo thandizo la asodzili ndilo lidachirikiza anthu. Eni minda ena adayesa kuokera okha mpunga, koma matope adaŵakanika. Bambo Ayyankali ankasimba pambuyo pake kuti ntchito imene mayi mmodzi wa Chipulaya ankaitha pa tsiku inkafuna amuna angapo a gulu la Nair. Minda idagonera kwa miyezi yambiri. Potsiriza boma lidatumiza woŵeruza milandu kuti ayanjanitse mbali ziŵirizo, ndipo padagwirizanidwa za kuloŵa m'sukulu, za ufulu woyenda ndi za kukweza malipiro. Sikuti makomo onse adatseguka tsiku limodzi, koma kuyambira pamenepo ana a Chipulaya m'sukulu za boma adayamba kuchuluka.

M'nyumba ya malamulo

Mfumu ya Travancore, Sree Moolam Thirunal, idali itakhazikitsa mu 1904 msonkhano wa oimira anthu wotchedwa Sree Moolam Praja Sabha. Msonkhanowu sunkapanga malamulo, koma m'menemo anthu ankatula madandaulo awo pamaso pa nduna yaikulu. Poyamba a Pulaya ankalankhuliridwa ndi munthu wa gulu lina. Kumapeto kwa 1911 boma lidasankha Bambo Ayyankali, ndipo mu 1912 adaimirira koyamba kulankhula. Munthu amene kale sankaloledwa kuponda mseu wa mumzindawo adakhala m'chipinda chimodzi ndi eni minda, atavala jekete lakuda ndi nduwira.

Adakhala m'nyumbayi zaka zoposa 20. Popeza sankatha kuŵerenga, ena ankaŵaŵerengera makalata, iwo nasunga zonse pamtima. Chaka ndi chaka ankabwereza mapempho omwewo mosatopa: kuti anthu opanda malo apatsidwe nthaka ya boma yogonera, kuti ana alandiridwe m'sukulu zonse, kuti fizi ichepetsedwe, kuti ana osauka azilandira chakudya cha masana ku sukulu, ndi kuti amene aphunzira apatsidwe ntchito m'boma. Zina zidaloledwa, zina zidakanidwa, ndipo zina zidaloledwa koma nkuchedwetsedwa m'maofesi. Bungwe lawo lidayambitsanso nyuzipepala yotchedwa Sadhujana Paripalini. Mwini bungwe sankatha kuiŵerenga, koma ankadziŵa kuti ana adzaiŵerenga.

Tsiku limene amayi adadula mikanda

Nkhani ya kavalidwe ka amayi idali itayamba kale. Akazi a amishoni adaphunzitsa amayi a gulu la Nadar kusoka timalaya tofunda pachifuwa, ndipo amayiwo ankang'ambiridwa zovala m'misika. Atalimbana kwa zaka zambiri, mu 1859 mfumu idaŵalola kufunda, ngakhale kuti sadaloledwe kuvala mofanana ndi akazi apamwamba. Koma kwa amayi a Chipulaya m'midzi yambiri zinthu zidakhala monga kale kufikira m'zaka za Bambo Ayyankali.

Iwo ndi anzawo a m'bungwe adayamba kulimbikitsa amayi kuti avale mabulauzi ndi kutaya mikanda ya miyala ija. Eni minda adakwiya, pakuti mkazi wovala bwino sadziŵika kuti ngwa gulu liti. Amayi ena adamenyedwa ndi kuvulidwa pa njira. Pa 24 October, 1915, msonkhano wa a Pulaya ku Perinad, kufupi ndi mzinda wa Kollam, udaukiridwa. Padabuka chipoloŵe, nyumba zambiri zidapsa, ndipo mabanja adabalalika.

Apa Bambo Ayyankali adaonetsa kuti adali atakula m'nzeru. Sadaitane anyamata kuti akabwezere. Adakambirana ndi boma kuti anthu othaŵa abwerere kwawo mwamtendere, ndipo adakonza msonkhano waukulu wa magulu onse ku Kollam mu December chaka chomwecho. Wapampando adali Changanassery Parameswaran Pillai, mtsogoleri wa gulu la Nair amene ankadana ndi tsankho. Pamaso pa khamu lonselo amayi adaitanidwa kutsogolo, ndipo mikanda yawo idadulidwa ndi chikwakwa chodulira mpunga. Amayi mazanamazana adavula yawo naiponya pansi mpaka padakhala mulu. Chida chimene ankakololera mpunga wa mbuye ndicho chidadula chizindikiro cha ukapolo wawo. Anthu a ku Kollam amasimbanso kuti a Pulaya amene adazengedwa milandu pa chipoloŵecho adalibe ndalama zolipira loya, tsono adamkumbira dziŵe m'malo mwa malipiro.

Masiku otsiriza

Ntchito imene idayamba ndi ngolo imodzi idakula kuposa munthu mmodzi. Mu 1924 ndi 1925 anthu a magulu osiyanasiyana adachita zionetsero zamtendere ku Vaikom kuti miseu yozungulira kachisi itsegulidwe. Pa 12 November, 1936, mfumu yachinyamata Chithira Thirunal idalengeza kuti akachisi a boma ngotseguka kwa Ahindu onse. Mu January 1937 Mahatma Gandhi adafika ku Venganoor kudzaonana ndi Bambo Ayyankali. Ataŵafunsa chimene mtima wawo unkakhumba, nkhalambayo siidapemphe ulemu kapena chuma. Idati ikufuna kuona anthu khumi a gulu lake atalandira digiri ya B.A. iyo isanamwalire. Khumi okha basi, pakati pa anthu zikwi mazanamazana. Pempho laling'ono limeneli likutisonyeza kuzama kwa dzenje limene anthuŵa ankatulukamo.

Zaka zotsiriza sizidali zokondweretsa zokhazokha. Bungwe lija lidafooka pamene magulu amene adali m'menemo adayamba kupatukana, lirilonse kukhazikitsa bungwe lakelake. Bambo Ayyankali adavutika ndi chifuwa cha mphumu, ndipo adamwalira pa 18 June, 1941, ali ndi zaka 77. Kwa zaka zingapo dzina lawo silinkatchulidwa kwambiri m'mabuku a mbiri, pakuti olemba mabukuwo ambiri adali a magulu apamwamba.

Zipatso zake

Mbeu idamera ndithu. Ku Cochin, dziko loyandikana nalo, mtsikana wa Chipulaya dzina lake Dakshayani Velayudhan, wobadwa mu 1912, adalandira digiri mu 1935. Mu 1946 adasankhidwa kukhala mmodzi mwa anthu olemba malamulo oyendetsera dziko la India, ndipo mwa akazi onse a m'nyumbayo ndiye yekha adachokera m'magulu onyozeka. Malamulowo, amene adayamba kugwira ntchito mu 1950, adaletsa mchitidwe woyesa munthu wodetsa chifukwa cha kubadwa kwake. Ku Travancore komweko mnyamata wina wa gulu lonyozeka, K. R. Narayanan, ankayenda mtunda wautali kupita ku sukulu, ndipo nthaŵi zina ankamvera phunziro ali panja chifukwa chosoŵa fizi. Iyeyu adakhala Pulezidenti wa India kuyambira 1997 mpaka 2002.

Pa kalembera wa 2011, mwa anthu 100 alionse a ku Kerala, pafupifupi 94 ankadziŵa kulemba ndi kuŵerenga, kuposa boma lina lirilonse la mu India, ndipo akazi sadatsalire kutali ndi amuna. Ambiri adathandizapo pa zimenezi: amishoni, mafumu, aphunzitsi ndi maboma otsatira. Koma kuti mwana wa wantchito wa m'munda aŵerengedwe nawo, padafunika munthu wokakamira pakhomo. Sitinganene kuti zonse zidatha, pakuti mabanja ambiri a m'magulu aja akadali ndi malo ochepa, ndipo tsankho likadamvekabe makamaka pa nkhani za ukwati.

Dziko lidaŵakumbukira Bambo Ayyankali mochedwa. Mu 1980 Indira Gandhi adavundukula chifanizo chawo mumzinda wa Trivandrum. Mu 2002 nkhope yawo idaikidwa pa sitampa, ndipo mu 2019 holo imene ankalankhuliramo, imene idali ndi dzina la Mfumukazi Victoria, idatchedwa Ayyankali Hall. Sukulu ya ku Ooruttambalam idamangidwanso, ndipo tsopano imatchulidwa ndi maina a Ayyankali ndi Panchami. Mu 2017 mwambo wa boma wotsegulira chaka cha sukulu udachitikira pomwepo. M'sukulumo akusungabe benchi yopserera mbali imodzi, yotsala pa moto uja, kuti ana aziiona.

Amayi anzathu, m'maŵa uliwonse timadzutsa ana, kuŵasambitsa ndi kuŵatumiza ku sukulu, ndipo nthaŵi zina timaiŵala kuti kwina khomo limenelo lidatsegulidwa ndi njala ndi mwazi. Mbiri iyi itisiyire funso loti tipite nalo kwathu. Kodi m'mudzi mwathu, kapena m'nyumba mwathu momwe, mulibe mwana amene amatsala pamene anzake anyamula mabuku? Kapena ndi mtsikana wolera ana athu, kapena mwana wamasiye, kapena mwana wa munthu wotilimira. Bambo Ayyankali sadadikire kuti ayambe aphunzira iwo eni. Adagwira dzanja la kamtsikana kamodzi napita nako mpaka pa benchi.